Kodi Kuloza Njira Yosaidziwa Ndi Bodza?

Makolo athu poyenda ulendo wa m'thengo anali ndi mwambo wokoma. Wotsogola akafika pa mphambano, ankathyola nthambi ya masamba naigoneka pa njira yosayenera, kapena ankalemba mzere ndi phazi, kuti otsala m'mbuyo angasokere. Kumeneko ndiko kutseka njira. Munthu wosadziwa kumene njirazo zimka sakadayesa kugoneka nthambi. Akadatero, anzace akadamuyesa mdani.

Tsono lingalirani za mbale wathu wocokera ku Katete kapena ku Petauke, amene watsata mseu wa Great East Road, naoloka Luangwa, natsika basi pa Intercity mu Lusaka. Mzinda umenewu unasanduka likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo pa kalembera wa 2022 anthu ace anapitirira 2 miliyoni. M'makomboni monga Kanyama, Misisi ndi Chawama tinjira tambiri tiribe maina olembedwa, ndipo ngakhale lamya ya m'manja yokhala ndi mapu siidziwa kanjira kamene kamira ndi mvula ya usiku. Pa phula nthambi siigonekeka. Nthambi ya mlendo mu mzinda ndiyo pakamwa pa munthu amene iye amfunsa.

Apa ndipo pagona mlandu. Anthu ambiri, makamaka ife amuna, akafunsidwa njira imene saidziwa bwino, sanena kuti, "Pepani, sindidziwa." Atambasula dzanja nati, "Pitani uko, mukhotere kumanja, si patali ai." Mukawadzudzula ayankha kuti sananame, pakuti mumtima munalibe coipa, ati kubweza mlendo wopanda mau ndi mwano. Mau amenewa sitingawataye msanga, cifukwa ulemu wa kwa alendo ndi cuma cimene makolo anatisiyira.

Komabe ine nditi ndi bodza ndithu. Bodza sindilo kunena cokhaco cimene udziwa kuti ncosaona; kunenanso congoganizira ndi nkhope ya munthu wodziwa ndi bodza lomwe. Mlendo alibe muyeso wosiyanitsira ziwirizi. Tiphunzitsa ana athu kuti safunsa anadya phula, koma mwambiwo uyembekeza kuti wofunsidwayo adzanena zoona; akapanda kutero, wofunsa yemwe adya phula. Ndipo onani cimene cipeputsa cimo limeneli m'maso mwathu: wolozayo abwerera ku nchito yace, osaona konse zipatso za dzanja lace. Saona mai wobereka mwana wodwala, amene anafuna cipatala cacikuru ca UTH, alikukwera basi yomka kwina. Saona ndalama yobwererera kumudzi irikutha m'manja mwa kondakitala, kapena dzuwa lirikulowa mai uja ali pakati pa nyumba zacilendo. Mtima wabwino umene tiuchulawo unateteza yani? Unateteza nkhope ya wolozayo, kuti angaoneke mbuli pamaso pa munthu wa kumudzi.

Sikuti wodziwa pang'ono akhale cete. Anene pamene nzeru zace zilekeza: kuti kufikira pa msika adziwa, koma kupitirira apo mlendo akafunsenso amai ogulitsa ndiwo, amene akhala pamenepo tsiku ndi tsiku. Ngati miyendo iri yolimba, amperekeze kufikira pa mphambano.

M'buku la Genesis, mutu 37, tiwerenga za Yosefe alikusokera m'thengo la ku Sekemu pofuna abale ace. Munthu wina, amene dzina lace silinalembedwe, anampeza namfunsa cimene afuna. Munthuyo sanadzionetse wodziwa zonse. Anangonena cimene anamva ndi makutu ace, kuti abusa aja anapangana zomka ku Dotani, ndipo Yosefe anawapeza komweko. Zimene anamcitira atafika, mlandu wace unali wa abale ace, wosati wa munthu wa pa njira uja.