Mfundo zofunika kwa okwera phiri la Mulanje chisanu chikamatha

Kumapeto kwa Julaye ndi mu Ogasiti anthu ambiri amakwera Mulanje. Mvula inaleka kalekale, mitsinje yaphwera, njira zauma. Ndi nyengo yabwinodi, koma ubwino wakewo ndi umene umagonetsa anthu tulo.

1. Dzuwa la m'mawa lisakunamizeni. Mutha kunyamuka pa Likhubula kunja kuli ngwee, thukuta lili kamukamu, koma pofika masana chiperoni n'kukuta phiri lonse. Mphepo yachinyeziyi imachokera cha ku Mozambique, ndipo imatha kukhala masiku angapo osachoka. Nkhungu ikatsika, mnzanu amene ali patsogolo pang'ono mumangomumva mawu, thanthwe lomwe linali louma limayamba kuterera, ndipo timizere ta penti tolozera njira timasowa. Juzi, chovala chamvula ndi tochi zikhale m'chikwama ngakhale kumwamba kulibe kamtambo.

2. Mverani wokuperekezani. Mu Julaye 2009, Gabriel Buchmann, mnyamata wophunzira bwino wa ku Brazil amene anali atayenda maiko ambiri, anasiya womperekeza m'munsi n'kulowera yekha ku Sapitwa, nsonga yayitali ya phirili. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka kumayambiriro kwa Ogasiti atafa ndi kuzizira. Nkhaniyi imandiwawa chifukwa mnyamatayu sanali wopusa kapena wofooka; anangodalira miyendo yake kuposa maso a munthu amene anakulira m'tsinde mwa phirilo. Safunsa anadya phula. Mwana wa ku Likhubula kapena ku Phalombe akayang'ana mitambo n'kunena kuti "lero ayi, bwana", akunena zomwe anaona kwa zaka zambiri, ndipo mapu a pafoni sazidziwa.

3. Kubwerera si manyazi. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo gawo lomaliza kuchokera pa nyumba yogonamo alendo ya Chisepo n'lokwawa pamiyala ikuluikulu, manja ndi mawondo omwe. Nyengo ino mdima umagwa 6 koloko isanakwane. Gwirizanani musananyamuke ola lotembenukira, ndipo likakwana tembenukani, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi.

4. Njira ya chaka chatha si ya chaka chino. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula nthaka ndi miyala m'malo ambiri a phirili. Funsani amene atsika dzulo.

5. Muziona amene wakusenzerani katundu. Usiku pamwambapa pamazizira mpaka udzu kuchita mbuu ndi chisanu pofika m'mawa. Inu mwalowa m'chikwama chogonamo pafupi ndi moto m'nyumba yogonamo alendo ya pa Chambe kapena pa Lichenya. Nanga iye, amene wakwera ndi chikwama chanu pamsana, mwina atangovala nkhwaira, wafunda chiyani? Wadya? Malipiro apanganidwe poyera ulendo usanayambe ndipo aperekedwe onse, popanda kunenerera ngati pamsika pamene ntchito yagwiridwa kale.

6. Samalani moto. Udzu wa m'zigwa za pamwamba umakhala utauma gwa, mphepo ikuwomba, ndipo kachidutswa ka ndudu kapena khala losiyidwa pamafuwa n'zokwanira kuyatsa dera lonse. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unatha pafupifupi wonse ndi macheka a odula mitengo, ndipo mbande zomwe anthu akhala akubzala m'phirimo zikadali zazing'ono moti lawi limodzi limazipsereza. Phikirani pa ng'anjo ya m'nyumba zogonamo alendo, ndipo pochoka thirani madzi paphulusa mlonda akuona.