Kodi Mukusamala Khungu Lanu Kapena Mukulikana?

Funso ili limabuka kawiri-kawiri m'magulu athu a acinyamata, makamaka ukwati wa mnzathu ukayandikira ndipo operekeza mkwati ayamba kupangana za ku saluni: kodi Mkristu angapite kukakonzetsa nkhope ndi zikhadabo? Ena amayankha msanga kuti iai, zimenezo n'za dziko. Ena amati thupi ndi langa, ndalama ndi zanga, wondifunsa ndani? Mayankho onse awiri amafulumira kwambiri, ndipo munthu woyankha mofulumira tere nthawi zambiri amangofuna kuti nkhani ithe. Ife tiyeni tikhale pansi tiiunike bwino, cifukwa khungu limene tikukambali ndi lomwe mudzakhala nalo kufikira ukalamba.

Poyamba tivomerezane kuti kusamala khungu si mwambo wobwera ndi Azungu. Agogo athu ku Katete ndi ku Chadiza anali kukazinga nsatsi, kuzisinja ndi kuziphika kuti ayenge mafuta odzola. Akapita kumtsinje anali kukwecha mapazi pamwala kuti zidendene zisang'ambike. M'miyezi yozizira ya June ndi July, mwana woyenda wotuwa ngati wagona paphulusa anali kucititsa manyazi amake. Ngakhale m'Baibulo, atsikana okaonekera kwa mfumu, mmodzi wa iwo Esitere, anali kukonzedwa thupi miyezi 12, miyezi 6 ndi mafuta a mure ndi ina 6 ndi zonunkhira, ndipo wolemba nkhaniyo samdzudzula Esitere pa cimeneco. Conco amene amati sopo wabwino, mafuta odzola ndi zikhadabo zowengedwa bwino ndi chimo, akuika katundu pamutu pa acinyamata amene Mulungu sanawasenzetse. Ndipo mlongo wathu amene anaphunzira nchito ya mu saluni, namapeza nayo ndalama ya lendi ndi ya sukulu ya abale ake, akudya thukuta lake monga telala kapena kalipentala.

Tsono vuto lili pati? Pitani ku Kamwala kapena ku Soweto mu Lusaka, kapena ku Kapata mu Chipata, muyang'ane pa matebulo a ogulitsa zodzola. Mabotolo ndi timachubu taikidwa pamodzi, tonse tonunkhira, tonse ta zithunzi za akazi omwetulira. Koma pali mitundu iwiri. Wina umathandiza khungu kucita nchito yake: kulifewetsa, kulisunga laukhondo, kulichinjiriza ku dzuwa. Wina umalamula khungu kuti lileke kukhala cimene lili. Mtundu waciwiriwu ndi wa makirimu oyeretsa khungu, ndipo ndi umene ndifuna tikhalitsepo.

Kuda kwa khungu lathu kumacokera ku cinthu cochedwa melanin, cimene khungu limadzipangira lokha. Si litsiro. Nchito yake ndi kuchinga mphamvu yoopsa ya dzuwa kuti isaononge thupi, ndipo m'dziko la dzuwa la October ngati lathu, imeneyi ndi mphatso yaikulu. Mankhwala ochedwa hydroquinone, amene ali m'makirimu ambiri oyeretsa, amaletsa khungu kupanga melanin. Pa masabata oyamba munthu amayeradi, ndipo anzake amamuyamikira. Koma akapitiriza kwa zaka, pamasaya ndi pamphumi pamabuka zigamba zakuda bii zokhala ngati mwaye, zimene sizimva sopo kapena mankhwala. Madokotala a ku South Africa analongosola za nthenda imeneyi, yochedwa ochronosis, m'caka ca 1975, ataiona pa nkhope za anthu akuda ambiri odzola makirimuwa, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzola. Onani cinyengo cake: munthu anagula kuyera, nalandira kuda koposa kumene anali kuthawa.

Makirimu ndi sopo zina zili ndi mercury, ciphe cimene cimalowa pakhungu n'kukafika ku impso ndi ku ubongo. Mu 1972 madokotala a ku Nairobi analemba za akazi acitsikana amene anali kufika m'cipatala ndi matenda a impso, ndipo ambiri mwa iwo anali odzola makirimu a mercury. Ciphe cimeneci sicikhala mwa wodzola yekha. Cimapita kwa mwana ali m'mimba, cimapita mu mkaka wa m'mawere, cimatsalira pa thaulo ndi pa zofunda zimene m'nyumba mumabwerekana. Maiko ambiri anapangana mu 2013 pangano la Minamata, dzina la tauni ya ku Japan kumene anthu anapunduka ndi kufa atadya nsomba za mercury m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 2023 anagwirizana kuti zodzola zothiridwa mercury zileke kupangidwa ndi kugulitsidwa pakati pa maiko ikatha 2025. Koma pangano la pa pepala silicotsa kabotolo kopanda dzina pa tebulo la pamsika.

Mtundu wacitatu ndi umene ambiri saudziwa kuti ndi mankhwala a m'cipatala. Timachubu tolembedwa clobetasol kapena betamethasone ndi ta mphamvu, ndipo dokotala amatipereka kwa masiku owerengeka kwa wodwala nthenda ya pakhungu. Wodzola tsiku ndi tsiku thupi lonse, khungu lake limapyapyala kufikira mitsempha ioneka, pamapewa ndi pa nchafu pamabuka mizere yosafafanizika, ziphuphu ndi zipere zimaculuka, ndipo cilonda cimacedwa kupola. Ena amafika podwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Akuluakulu anati cikome-kome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu timakonda kuponyera atsikana okongola, koma kwa ine ukuyenera kabokosi konyezimira kaja.

Mwina wina anena kuti, "Cabwino, tamva za matenda. Nanga atapanga kirimu woyeretsa wosadwalitsa, pamenepo palibe mlandu?" Funso limenelo ndi labwino, cifukwa likutifikitsa pa mtima wa nkhani. Munthu wodzola mafuta m'mawa akuuza thupi lake kuti, ndiwe wanga, ndikusunga. Munthu wodzola coyeretsa usiku uliwonse, akuyang'ana pa galasi ngati wasinthako, akuuza thupi lake kuti, unalakwika, ndipo sindidzakondwa nawe kufikira utafanana ndi wina. Mau amenewa, onenedwa masiku 365 pa caka, amalowa mozama koposa mercury. Ndipo khungu lanu si lanu nokha. Ndi la amai anu ndi la ambuye anu, ndipo mwana amene mudzabala adzabwera nalo lomwelo, pakuti kirimu safika m'mbeu. Mudzamuuza ciani akadzakufunsani cifukwa cimene munacotsa pa nkhope yanu cimene iye ali naco?

Maganizo akuti woyera ndiye woposa sitinabadwe nawo. M'masiku a Northern Rhodesia, makolo athu anali kugula nyama pa kawindo ka m'mbali mwa sitolo, pamene Mzungu anali kulowera pakhomo. Ku South Africa lamulo la 1950 linagawa anthu m'magulu a mitundu, ndipo gulu lako ndilo linali kunena kumene ukhale ndi sukulu imene upite. Malamulowo anatha, koma anasiya fungo m'mitu yathu, ndipo amalonda analinunkhiza. Kunali kufikira 2020 pamene kampani ya Unilever inasintha dzina la kirimu wake wochuka ku India, Fair & Lovely, dzina lomanga kuyera ndi kukongola mtolo umodzi, kukhala Glow & Lovely. Lupita Nyong'o wa ku Kenya, amene analandira mphoto ya Oscar mu 2014, anasimba caka comweco kuti ali mwana anali kupempha Mulungu kuti adzuke m'mawa ali woyererako, ndipo cinamuthandiza ndi kuona Alek Wek, mkazi wakuda bii wa ku South Sudan, akulemekezedwa pa dziko lonse cifukwa ca kukongola. Taganizani, mwana wamng'ono kugwada pansi kupempha Mlengi kuti akonze nchito imene sinalakwike.

Apa ndifuna kukamba ndi inu anyamata, cifukwa mwina mwakhala mukuwerenga ndi mtima wakuti nkhaniyi ndi ya atsikana. Ndani amatembenuka pamseu mtsikana woyera akadutsa, n'kusiya wakuda ngati sanamuone? Ndani amaseka za nkhope ya Fanta ndi miyendo ya Coca-Cola, pamene dzulo lake anali kunyadira kwa anzake kuti wapeza cibwenzi coyera? Mumaika mtengo pa kuyera, ndipo wina akapita kukagula mumamunyoza. Ena a inu, tisabise, mwayamba kudzola inu eni. Nawo azakhali amene amanyamula khanda n'kunena kuti, "Koma uyu yekha watuluka woyera bwino," mlongo wake wakuda ali ciimire pambali, abzala mbeu imene idzamera mwanayo akafika giredi 9. Ngati pali kulapa pa nkhaniyi, mzere wa olapa suyambira pa mtsikana wa kachubu.

Sindikunena kuti mankhwala onse a khungu ndi oipa. Abale athu acialubino, amene khungu lawo lili ndi melanin wocepa kwambiri, amafunika mafuta ochinga dzuwa tsiku lililonse, cipewa cacikulu ndi malaya a manja aatali, cifukwa khansa ya pakhungu imapha ambiri mwa iwo akali acinyamata. Gulu lanu likafuna nchito ya cifundo, yambirani pamenepo. Wovutika ndi ziphuphu zosatha kapena zigamba za pankhope apite kwa dokotala wa khungu, amene nthawi zina amapereka hydroquinone yemweyo, koma pa cigamba cokha, kwa nthawi yoikika, akuyang'anira. Kucotsa nthenda ndi kucotsa mtundu ndi maulendo awiri osiyana, ngakhale basi ikhale imodzi.

Za zikhadabo nkhani yake ndi yopepukirapo, pakuti cikhadabo ca kumanja cimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi, ndipo coonongeka cimalowedwa m'malo m'miyezi ngati 6. Kupaka utoto, umene ambiri timangouchula kuti Cutex, sindikuonapo mlandu. Koma manja anu amakhudza anthu ena. Mu 1997 ndi 1998, m'cipinda ca makanda odwala pa cipatala cina ku Oklahoma City, ku America, makanda 46 anagwidwa ndi kacirombo kochedwa Pseudomonas ndipo 16 anamwalira. Ofufuza anapeza kacirombo ka mtundu womwewo m'manja mwa anamwino awiri, wina wa zikhadabo zazitali, wina wa zikhadabo zomata. N'cifukwa cake bungwe la WHO limalangiza ogwira odwala kuti asamate zikhadabo ndipo aziwenga zawo zikhale zazifupi. Inu amene mumasambitsa khanda la akulu anu, kutsuka cilonda ca ambuye, kapena kuomola nsima ya anthu 50 pa msonkhano wa acinyamata, dzifunseni ngati zikhadabo zomata za pa ukwati uja ziyenera kukhalabe mwezi wathunthu.

Mukapita ku saluni musaope kufunsa. Kodi kalumo ndi lezala aziphika kapena kuziviika m'mankhwala atatha kugwira munthu wina? Kacirombo ka hepatitis B, koononga ciwindi, kamatha kukhala ndi moyo masiku 7 m'kadontho ka magazi ouma pa citsulo. Musalole kuti adule kakhungu ka m'tsinde mwa cikhadabo, cifukwa ndi citseko coletsa tizirombo kulowa. Ndipo akakutulutsirani kabotolo kosakaniza okha, kopanda dzina, kopanda mndandanda wa zimene zilimo, n'kukulonjezani kusintha m'masabata awiri, bwezani mwaulemu. Wodziwa nchito yake sakwiya ndi mafunso otere. Funso lina, limene mudzifunse nokha muli pampando, ndi lakuti ndalama ya zonsezi yacokera kwa yani, ndipo mwini wake adzafuna ciani.

Ndatsala ndi mau kwa inu amene munayamba kale, ndipo mwina mukuwerenga nkhaniyi mutabisa manja cifukwa mfundo za zala zakuda zikuulula. Musataye kachubu lero lomwe ngati mwakhala mukudzola ka clobetasol kwa miyezi yambiri. Khungu lozolowera mankhwalawa limapsa, kuyabwa ndi kutuluka ziphuphu mukaleka mwadzidzidzi, ndipo ngati munali kudzola thupi lonse, kuleka kotere kungakufooketseni koopsa. Ambiri amabwerera ku kirimu pa cifukwa cimeneci. Tengani zonse zimene mumadzola, ndi mabokosi ake omwe, mupite nazo ku kiliniki, muuze dokotala zoona za nthawi imene mwakhala mukudzola, kuti akucepetsereni pang'ono-pang'ono. Mudzayamba kuda, mwina kuposa kale kwa kanthawi, ndipo mudzafunika cipewa kapena ambulera pa dzuwa. Miyezi imeneyo ndi yovuta kulowa m'chalichi anthu akuyang'ana. Inu a m'gulu lake, wina amuperekeze ku kiliniki, ndipo pa Sondo mumsungire malo pa benchi la kwaya pamene amakhala nthawi zonse.