Tchuthi cha Kumudzi: Kodi Kuteteza Mwana Ndi Kunyada?

Amayi anzathu, mwezi wa Disembala ukamayandikira ambiri a ife timayamba kumanga katundu. Sukulu zimakhala zatsekera, bambo apatsidwa masiku opuma kuntchito, ndipo agogo kumudzi atopa ndi kufunsa kuti zidzukulu adzaziona liti. Ulendo wotere ndi wabwino ndipo sitikuletsa. Koma pali funso limodzi limene limavutitsa amayi achitsikana, ndipo ambiri amangolisunga mumtima: kodi ndikafika kwa apongozi n'kumangira mwana wanga neti, kapena kumuphitsira madzi akumwa, sadzati ndikudzikuza?

Tiyeni titenge banja la ku Ndirande limene kwawo kwa bambo ndi ku Nkhotakota. Akwera basi m'mawa, adutsa pa Zalewa, pa Balaka ndi pa Salima, afika dzuwa litapendeka, ana atatopa. Alandiridwa ndi nthungululu, nkhuku yaphedwa. Mwana wa zaka ziwiri walira ludzu, ndipo agogo amutungira madzi mumtsuko. Mayi wake akudziwa kuti madziwo achokera pachitsime chosatetezedwa. Akakana, mawu amene adzamve timawadziwa tonse: ana a kuno amamwa omwewa, kodi wanuyo ndi mzungu? Akavomera, waika mwana pachiswe. Pamenepa ulemu ndi chitetezo zaoneka ngati zikulimbana.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino timaikumbukira miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chipinda cha ana chinkadzaza ndi malungo ndi kutsegula m'mimba. Tikafunsa mayi ngati mwana ankagona mu neti kumene anapita, yankho lina linali lakuti neti anali nayo m'chikwama, koma anachita manyazi kuitulutsa. Sitinganene kuti mayi wotere alibe chikondi. Anaphunzitsidwa kuti mtengwa kapena mlendo salamula pakhomo pa eni, ndipo chiphunzitso chimenechi chasunga mabanja ambiri. Komabe mwana sanasankhe ulendowo. Tinamubereka kumsana n'kupita naye ndife. Choncho mangawa oyamba tili nawo kwa iye, chifukwa sangadzilankhulire.

Kodi ndiye kuti apongozi akulakwa? Osati kwenikweni. Chimene chimawapweteka si neti kapena madzi ophitsa. Chimawapweteka ndi kusankha. Akaona mdzukulu wa m'tauni ali ndi botolo lakelake, mbale yakeyake ndi neti yakeyake, pamene asuweni ake akugona pamphasa udzudzu ukuwadya, amamva uthenga wakuti moyo wa mwana mmodzi ndi wamtengo wapatali kuposa wa enawo. Ndipo tikhale oona mtima: nthawi zina uthengawo ulidi mumtima mwathu. Ena a ife timapita kumudzi kukaonetsa kuti zinthu zikutiyendera. Timagula diresi ndi nsapato zothina za Khirisimasi, koma za ana a alamu athu sitiziganiza n'komwe.

Mawu akuti ana a kumudzi anazolowera tisawakhulupirire msanga. Mwana aliyense wosakwana zaka zisanu ali pangozi ya malungo, kaya amakhala ku Ndirande kapena ku Nkhotakota. Ndipo m'tauni si kuti mulibe matenda. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe ndi zimene boma linazichedwetsa kutsegula. Palibe amene ali ndi chifukwa chonyozera mnzake.

Yankho lathu ndi ili: kuteteza mwana wako yekha pakati pa ana ena kumafanana ndi kunyada, koma kuteteza ana onse a pakhomopo ndi chikondi chimene agogo aliyense amachimvetsa. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikawatsata mawu amenewa, ulemu ndi chitetezo sizilimbananso.

Zimayambira pa kukonzekera. Tiimbire apongozi foni tisananyamuke, tifunse kuti pakhomo pali ana angati ndiponso maneti alipo angati. Ngati ndalama ikulola, tigule neti yoonjezera ndi chingwe chomangira, ngakhale zitatanthauza kuti nsapato zatsopano zidikire. Tikafika tisamange tokha mobisa. Tiipereke m'manja mwa agogo ngati mphatso ya zidzukulu zonse, iwo ndiwo anene pomanga. Madzi tiphitse kapena tithire mankhwala mu ndowa yaikulu yovindikira kuti amwe aliyense. Tikumbukirenso kuti Disembala ndi nthawi imene nkhokwe zambiri zayamba kuchepa. Banja la anthu asanu likadya sabata ziwiri limasiya dzenje. Thumba la ufa, shuga, mchere, mafuta ophikira ndi sopo zimalankhula bwino kuposa mawu okoma. Bambo asaime patali pa nkhani imeneyi. Kwa amayi awo, iwo ndiwo angalankhule mosavuta, ndipo si chilungamo kusiyira mkazi yekha kuti aoneke wovuta.

Pa ulendo penipeni, woyezera akhale mwana wamng'ono kwambiri. Tinyamuke m'mawa kusanatenthe. Tisamumane madzi poopa kuti adzafuna kukodza m'basi, chifukwa mwana amatha madzi m'thupi msanga kuposa munthu wamkulu. Nthochi, mbatata yophika kapena dzira lowiritsa la kunyumba n'zodalirika kuposa zakudya zosavindikira za pamsewu. M'chikwama cha m'manja mukhale buku la kusikelo ndi mapaketi a Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa ngakhale akutsegula.

Za malungo tidziwe kuti saonekera tsiku lomwelo. Kawirikawiri thupi limayamba kutentha patapita sabata imodzi kapena ziwiri chilumidwireni, mwina titabwerera kale. Mwana akatentha thupi tipite naye kukayezetsa pasanathe maola 24, ndipo tinene kumene tinali. Panado amangotsitsa kutentha, sachiza malungo. Mu 2019 dziko lathu linali loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, koma ngakhale wolandira katemerayu ayenera kugona mu neti.

Kunyanja nako kuli zake. Ana akaona madzi sagwirika, ndipo si bwino kuwamana chisangalalo chonse. Koma likodzo limabisala m'madzi odekha a m'mabango momwe mumakhala tinkhono, ndipo tizilombo take timalowera pakhungu. Magazi mu mkodzo amadzaoneka patapita sabata zambiri kapena miyezi. Si chizindikiro chakuti mnyamata wakula, ndi matenda, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Tikaona msuweni wa mwana wathu akukodza magazi, tisangokoka wathu n'kukhala chete. Tiuze amayi ake mwaulemu, ngati n'kotheka tiwaperekeze. Ndipo ana akamasewera m'madzi pakhale munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana basi. Mwana womira sakuwa. Kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi sikangasenze udindo umenewu, nakonso n'kamwana kofuna tchuthi.

Mwina wina anena kuti zonsezi n'zodula, bola kungosiya ana m'tauni. Ife tikuti bola kupita masiku anayi okonzekera bwino kusiyana ndi kusapita konse. Agogo sakhala nafe mpaka kalekale, ndipo nthano za madzulo, kukazinga chimanga ndi kudziwa abale ake mwana sangazipeze kwina.

Kwa ife amene tsopano ndife apongozi, mbali yathu iliponso. Mtengwa akatulutsa neti tisamuyang'ane ndi diso lofiira. Tiyambe ndife kumufunsa ngati wabweretsa, kuti manyazi amuchoke. Pa msonkhano wathu wotsatira, tiyeni amayi achikulire ndi achitsikana tikhale pamodzi tikambirane nkhaniyi momasuka, katundu asanamangidwe.