MALUWA A PASAKA TIMAFESA LENTI ISANAFIKE

Mawu: Marko 4:26-29



M'nyengo ya Lenti sitiika maluwa paguwa, timadikira Pasaka. Koma tsikulo likafika, m'matchalitchi ambiri timangotulutsa maluwa apulasitiki m'kabati ndi kuwapukuta fumbi. Amayi, kodi tingachitire umboni kuti Ambuye wauka ndi duwa limene silinakhalepo ndi moyo?

Kuno ku Sharpevale dzuwa ndi lambiri, ndipo maluwa a zinnia, marigold ndi cosmos amalikonda. Kuyambira tsiku lofesa, amatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti amasule. Kuchokera Lachitatu la Phulusa kufika pa Pasaka pali masiku 46 okha. Choncho tifese kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti Lenti iyambe.

Dothi la makande la m'chigwa cha Bwanje limasunga madzi, choncho tikweze mabedi kuti mizu isaole, ndipo tithiremo manyowa owolerana bwino. Njere tisazikwirire kwambiri. Tiphimbe ndi udzu pang'ono, zikamera tiuchotse. Mbande zikathithikana tipatulire, ndipo zowokera tiwokere madzulo. Titchinge ndi minga chifukwa cha mbuzi ndi nkhuku. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikukumbutsanso kuti zitini zothiririra tizivundikira tikamaliza, popeza m'madzi okhalitsa mumaswana udzudzu.

Tikatero, chotsala ndi kudikira. Pa Marko 4 Ambuye Yesu akuyerekeza Ufumu wa Mulungu ndi mbewu imene imamera ndi kukula mwini wake osadziwa m'mene zikuchitikira. Palibe mayi amene amafukula njere m'mawa uliwonse kuti aone ngati yamera. Koma ndi zimene timachita ndi ana athu. Tamuphunzitsa mwana pemphero lero, mawa tikufuna akhale mngelo. Akalakwa timamulalatira mpaka kambewu kaja kufota. Ena mwa ife takhala tikupempherera abambo akunyumba zaka zambiri kuti asiye mowa, ndipo tatsala pang'ono kutaya mtima. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yathu ndi kufesa, kuthirira ndi kutchinga. Kumeretsa ndi kwa Mulungu.

Maluwa akamasula tizithyola kawirikawiri, chifukwa akathyoledwa amaphukanso ena. Ena apite paguwa, ena tiwatengere kwa odwala ndi okalamba amene sangathe kufika ku Misa. Okongola kwambiri tiwasiye aumire pamtengo, tikolole njere, tisunge m'pepala pamalo ouma, osati m'pulasitiki. Pa msonkhano wathu wotsatira, mayi amene ali ndi njere agawireko mnzake amene alibe.

Tipemphere: Mulungu Atate, mwini munda, tipatseni manja ofesa ndi mtima wodikira, kuti m'mabanja mwathu mumere zokondweretsa Inu. Kudzera mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.