Dzuwa la Okutobala ndi Madzi a M'dambo

Okutobala akafika pakati, dziko lonse kuchokera pa Mpingu, kudutsa pa Msundwe mpaka ku Namitete limakhala la mtundu umodzi. Mapesi anatha kalekale ndi ng'ombe ndi chiswe. Tchire linapsa mu Ogasiti ndi Seputembala anyamata posaka mbewa, ndipo lupsa lomwe linali bii tsopano latuwa. Ukapatukira kumpoto, m'tinjira ta kwa Kabudula ndi ku Nsaru, ngolo ikadutsa fumbi lake limatsala m'mwamba iyo itapita kale. Mbuzi amangozitayirira, poti kumunda kulibe choti ziwononge.

Anthu amalawirira mbandakucha kukasosa ndi kukagalauza, khasu likudumpha pa nthaka youma gwa. Ikamakwana 10 koloko aweruka. Kuyambira pamenepo mpaka cha m'ma 3 dzuwa limaswa mtengo. Nkhuku zimabisala pansi pa nkhokwe, kukamwa yasa, mapiko zitagwetsa, ndipo ino ndiyo nyengo yomwe chitopa chimasesa makola. Malata amathetheka. Ana a sukulu amakhala m'kalasi thukuta lili kamukamu. Chomveka ndi nyenje basi, ndipo nthawi ndi nthawi kamvuluvulu amadzuka pakati pa munda, n'kunyamula makoko a chimanga, n'kukawamwaza kutali.

Komatu sindimva anthu akulitukwana dzuwali. Mukakumana pa mjigo kapena pansi pa mango n'kufunsana kuti mwaswera bwanji, wamkulu amapukuta pamphumi n'kunena kuti, "Taswera, koma kutenthaku n'kwa mvula." Mawuwa ndawamva kuyambira ndili mwana, ndipo ndi oona. Lilongwe ali madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa ikweta, choncho kumapeto kwa Okutobala dzuwa limadutsa paliwombo pathu penipeni. Masana ukaima pabwalo chithunzithunzi chako chimathawira pansi pa mapazi. Nthaka ikatentha chotero mpweya umakwera, ndipo mphepo yachinyezi yochokera ku Congo ndi ku nyanja ya Indian imapeza mpata wolowera. Mwera uja unkatizizira mu Juni umafooka, mpoto n'kuyamba kudzuka. Dzuwa lomwe likutiwotchali ndi lomwe likuitana mitambo. Ndiye chifukwa chake munthu amatha kulipirira mtima uli m'malo.

Alendo ochokera m'tauni akamadutsa kuno nyengo ino amakonda kunena kuti kwasanduka chipululu. Ndimawamvetsa, koma sindivomereza. Chipululu chenicheni ndi dziko lomwe mvula yake siifika mamilimita 250 pa chaka, ndipo m'mbali mwa nyanja ku Namib siifika ngakhale 50. Chigwa chathu chino, chomwe mvula yake amaiyeza pa Chitedze, chimalandira pakati pa mamilimita 800 ndi 1,000. Kutentha kwathunso n'kwa madigiri 30 ndi kapamwamba pang'ono, pomwe abale athu a ku Ngabu ndi ku Nsanje amaona 40 n'kupitirira. Chathu n'chakuti mvula yonseyo imagwa m'miyezi isanu, kuchokera Novembala kufika Marichi kapena Epulo, kenako kumwamba kumatsekeka. Kwa theka la chaka timakhala opanda dontho. Chilichonse chomwe chili ndi moyo mu Okutobala, munthu, ng'ombe, mtengo, chule wokwiririka m'matope, chikumwa mvula yomwe inagwa mu Januwale ndi Febuluwale. Funso lomwe limandikhala mumtima nyengo ino ndi lakuti mvulayo inasungidwa kuti, ndipo tikuisunga bwanji.

Yankho lili m'dambo. Dambo ndiyo nkhokwe ya madzi ya dera lino. Dzinja mvula ikagwa kumtunda imalowa pansi, n'kumatsetsereka pang'onopang'ono mpaka itafika pa dothi lamakande la m'dambo, pomwe udzu ndi mizu zimaigwira kuti isathamange. Kuchokera pamenepo imatuluka mwakachetechete chilimwe chonse, kudyetsa timitsinje ngati Namitete tomwe timakathira mu Bua. Ukatsika kuchokera ku minda yotuwa ija n'kufika m'madimba, maso amapuma. Repu, mpiru, matimati, anyezi, mondokwa, nzimbe, zonse zili biriwiri, ndipo mpweya womwe umasintha fungo.

Ine komwe ndimakonda kukhala madzulo ndi ku nazale ya fodya ya atsibweni anga. Kuno ndi kwa alimi a fodya wa bale, ndipo chaka cha fodya chimayamba mvula ikadali kutali. Amalima mabedi pafupi ndi chitsime, n'kuunjikapo mapesi, n'kuwatentha kuti matenda ndi mbewu za udzu zife. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono kwambiri moti simungaifese ndi dzanja. Amaithira m'kheni ya madzi, n'kutakasa ndi kamtengo, n'kuyenda nayo m'mbali mwa bedi akuthirira, akutakasanso kuti isakhazikike pansi. Akatero amafunditsa bedi ndi udzu wouma. Kuyambira tsiku limenelo munthu alibenso ulendo. M'mawa ndi madzulo amatsika m'chitsime, makheni awiri m'manja, kukwera, kuthirira, kutsikanso. Timbande tikamatuluka timakhala tating'ono moti umachita kugwada kuti utione, timasamba tiwiri tobiriwira pansi pa udzu, pakati pa dziko lomwe lapsa mbali zonse.

Chomwe chimandigwira mtima ndi zomwe amachita mbande zikakula. Nthawi yowoka ikamayandikira amazidulira masamba, kenako amachepetsa madzi dala. Masana zimafota, zimagona, ndipo wosadziwa angaganize kuti mwini wake wazitaya. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Atsibweni, madzi alipo, bwanji simukuthirira?" Anandiyankha akuyang'ana bedi lawo kuti, "Mphwanga, kumunda kulibe kheni. Zizolowere ludzu zikadali pano." Mbande yomwe yaona ludzu ku nazale imakhwima tsinde, ndipo ikawokedwa mvula n'kudukiza masiku angapo, siifa msanga. Ndimaona kuti dzuwa la Okutobala lili ndi ntchito yake pakati pathu, ndipo alimi anaidziwa kalekale n'kuiphatikiza mu ulimi wawo.

Mitengo nayo ili ndi zake. Pa chigwa chino, ukaona kamsitu kowirira kali pakati pa minda yopanda kanthu, usafunse, ndi kumanda. Kumeneko ndiko kwatsala mitengo yachilengedwe, chifukwa palibe amene amalowako ndi nkhwangwa mwachisawawa. Amoyofe tatsala ndi mango, bulugamu ndi kesha. Msangu, pomwe ulipo, umachita zosiyana ndi inzake: dzinja umayoyola masamba, chilimwe n'kuvala, ndipo mbuzi zimasonkhana pansi pake kudikira nyemba zake. Ku Dzalanyama, mu Seputembala, mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira psuu popanda mvula ndi dontho lomwe, ikukoka chinyezi chomwe mizu yake inachipeza pansi. Masuku amapsa nyengo yomweyi. Mitengoyi imayamba chaka chake isanaone mtambo, monga momwe mlimi wa fodya amayambira chake.

Apa m'pamene mtendere wanga umasokonekera. Chilimwe ndi nyengo yabwino ya mudzi: maukwati, ziliza, zinamwali, gule kubwalo fumbi lili koboo. Ndi nyengonso youmba njerwa, ndipo uvuni uliwonse umadya mitengo. Dothi la njerwa ambiri amalikumba m'mbali mwa dambo momwe. Madimba akukwera mpaka pa gwero la madzi, udzu womwe unkagwira mvula n'kusanduka mizere. M'misewu yolowera mumzinda njinga zimandondozana usiku ndi m'mawa zitasenza nkhuni ndi makala. Mu 2015 zinafika poti asilikali a Malawi Defence Force anatumizidwa kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe womwe umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, omwe mzinda wonse umamwa. Sindingamuloze chala bambo wokankha njinga ya makala pa dzuwa lotere. Nkhokwe yake yayamba kupepuka, chimanga chakwera mtengo pamsika, feteleza akufunika mwezi wamawa, ndipo ogula makalawo ndi ife tomwe. Nayenso womanga nyumba ya njerwa akungofuna kuti ana ake asagone modontha. Koma nthaka yovulidwa siimwa mvula. Madzi amathamanga pamwamba, amakumba zigwembe, amapita ku Bua mu Febuluwale momwemo, ndipo Okutobala akafika mulibe chotsala.

Izi sindikuzitenga m'buku. Chitsime cha ku dimba chomwe kale unkatunga utagwada, lero umatsika makwerero okumba m'khoma lake, ndipo chaka ndi chaka amachiwonjezera. Pa mjigo amayi amayamba kundandalika zidebe nkhuku zisanalire. Kukatentha kwambiri mjigo umatulutsa madzi pang'ono n'kuyamba kupuma mpweya, ndiye amausiya kaye kuti madzi abwerere pansi, onse n'kukhala pa zidebe zawo kudikira. Mtsikana wodikira pamenepo ndi yemwe amafika mochedwa kusukulu. Kutentha kumawawa aliyense, koma kuuma kumagwera kwambiri pa mutu womwe umasenza ndowa.

Ndipo pali dzuwa lina lomwe ndimaliopa kuposa ili. Dzuwa lija limadutsa paliwombo kumapeto kwa Okutobala limadutsanso pomwepo cha pakati pa Febuluwale, pobwerera kumpoto. Zaka zabwino sitilizindikira n'komwe chifukwa mitambo imatiphimba. Mitambo ikasowa, ndiyo ng'amba, ndipo imapeza chimanga chikumasula ngayaye, nthawi yomwe chimafuna madzi koposa. Masamba amapotana m'mawa momwe, munda n'kutuwa uli chiimire. Mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Pa 23 Marichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso chimodzimodzi m'maboma 23 mwa maboma 28. Dzuwa la Okutobala limapeza mbewu ili m'thumba. La Febuluwale limaipeza ili m'munda, feteleza atathira kale, ngongole atatenga kale. Chaka chotero dambo limalandira zochepa, ndipo Okutobala wotsatira amakhala wautali.

Makolo athu ankalidziwa dzuwa limenelo. Ku Msinja, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama, kunali kachisi wa Chisumphi komwe Makewana ankatsogolera nsembe zopempha mvula, ndipo mafumu ankatumizako mphatso kuchokera kutali. Lero timapemphera m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ku Nambuma, ku Namitete, pena paliponse, n'kumamvetseranso za nyengo pa wailesi. Ndimalemekeza zonsezi. Ndimangoona kuti anthu omwe ankapita ku Msinja ankapempha mvula dziko lawo likadali lovala, lokhoza kuilandira ndi kuisunga. Ife timapempha mvula yomweyo, koma pomwe ikagwere tapasenda.

Masiku ano madzulo mitambo yayamba kuunjikana cha ku Mchinji. Usiku kumang'anima kutali popanda kugunda. Posachedwa kugwa chizimalupsa, fungo la dothi lonyowa lidzadzaza mudzi, ana adzathamanga pabwalo, ndipo m'nyumba iliyonse mudzabuka nkhani yomwe ija: tibzale kapena tidikire? Achinyamata amafuna kubzala msanga kuti chimanga chipezane ndi mvula yonse. Akuluakulu amatenga khasu, n'kukakumba pamzere kuti aone pomwe chinyezi chafika. Chikangonyowetsa pamwamba amabwerera kunyumba, chifukwa mvula yoyamba ikhoza kudula milungu iwiri kapena itatu, mbewu n'kumera n'kupserera, ndipo thumba la mbewu ya haibulidi silibwera kawiri. Ine ndimakhala mbali ya odikira, ngakhale ndikudziwa kuti zaka zina odikirawo ndiwo amaluza, mvula ikatha msanga mu Marichi.

Pakadali pano atsibweni akufuna anyamata oti awathandize kuwonjezera chitsime, chifukwa mbande zikufunikabe madzi mpaka tsiku lowoka. Anyakwawa nawo aitanitsa msonkhano woti tikambirane za malire a madimba kumutu kwa dambo, pomwe ena ayamba kulima mpaka pa kasupe. Nkhaniyo ndi yovuta, poti olimawo ndi abale athu ndipo minda yakumtunda inawachepera. Ndikapitako, ndipo ndikalankhulako.