Kulemba Si Kusunga Mangawa

Amayi anzanga a m'Chigwirizano, ukwati ukatha, bambo wa ana n'kuyamba kukutumizirani mauthenga otukwana usiku, kapena kubisalira ana pa geti la sukulu kuno ku Kaunda Square, kodi Mkhristu azilemba zimenezi? Ena amati kulemba ndiko kusunga mangawa, poti wokhululuka amaiwala.

Ine ndikukana. Mangawa amakhala mumtima, kope limakhala m'kabati. Mungathe kumukhululukira munthuyo pamaso pa Mulungu, koma woweruza milandu sadzayang'ana mumtima mwanu. Adzafunsa tsiku, nthawi, mawu amene ananenedwa ndiponso amene analipo. Lamulo la ana la 2022 limaika ubwino wa mwana patsogolo, ndipo khoti limauona ubwinowo kudzera mu umboni.

Choncho mauthenga a pa WhatsApp musawafafanize; ajambuleni, musungitsenso kwa m'bale wodalirika. Akakutukwanani musabwezere, pakuti mayankho anunso adzawerengedwa m'khoti. Lembani zoona zokhazokha, ngakhale tsiku limene anabweretsa ndalama za sukulu mwamtendere. Akakuopsezani, pitani kupolisi ku Victim Support Unit; lamulo la 2011 lothana ndi nkhanza limalola khoti kumuletsa kukuyandikirani.

Koma kopelo ana asalione, ndipo musawatume kukazonda kwa bambo awo.