Kodi Mlendo Ali ndi Ufulu Wolemba za Eni Mudzi?

Mtsikana wina amene ndidamuphunzitsa ali wamng'ono adandipeza tsiku lina pamsika wa pa Boma pano pa Mzimba. Titapatsana moni adandiuza kuti akufuna kupita ku Bulgaria kukachita maphunziro otchedwa anthropology, amene amafufuza miyambo, zikhulupiriro ndi kakhalidwe ka mitundu ya anthu. Iye adati, "Aphunzitsi, akwathu akundiseka. Akuti anzanga akupita ku Johannesburg kukasaka ndalama pamene ine ndikufuna kukaonerera magule a azungu." Sindidamuseke, koma sindidafulumirenso kumuyamikira, chifukwa nkhani yakeyi idadzutsa funso limene ife a ku Mzimba tiyenera kulifunsa kuposa anthu ambiri. Kodi munthu ali ndi ufulu wopita kwa eni ake, kukhala pakati pawo, kuwafunsa za makolo awo, kenaka nkukalemba zonsezo m'buku lodziwika ndi dzina lake?

Ifetu tidalembedwapo kale. Mu 1899 Dr. W. A. Elmslie, mmishonale wa Livingstonia amene adagwira ntchito ku Njuyu ndi ku Ekwendeni, adasindikiza buku lotchedwa Among the Wild Ngoni. Mutu wokhawo ukutitcha anthu olusa. Iye ankalembera Akhristu a ku Scotland, ndipo Angoni amene ankawafotokozawo sadafunsidwe ngati dzinalo lidawakomera.

Mlendo amene ndifuna tikhalepo pang'ono ndi Margaret Read, mayi wa ku England amene adaphunzira kwa Bronislaw Malinowski ku London School of Economics. Malinowski ankaphunzitsa kuti wofufuza asamangomva za m'maluwa, koma azikakhala m'mudzi momwemo ndi kumva chiyankhulo cha eni ake. Pakati pa 1935 ndi 1939 mayiyu adakhala pakati pa Angoni a Gomani ku Ntcheu ndiponso a M'mbelwa kuno. Adafunsa za lobola, za ng'ombe ndi khola, za mphamvu za agogo aakazi pakulera ana, za laweni momwe anyamata ankagona ndi kuphunziramo mwambo. Patapita zaka 17 chichokere kuno, mu 1956, adatulutsa buku la The Ngoni of Nyasaland, ndipo mu 1959 lina lotchedwa Children of Their Fathers.

Ndinene mosabisa kuti mayi ameneyu adagwira ntchito yaulemu. Zambiri zimene nkhalamba za nthawi imeneyo zidamuuza zikadapita nazo kumanda, pakuti ana awo adatanganidwa ndi sukulu ndi ulendo wa ku migodi. Lero mwana wa ku Edingeni amene sadaonepo laweni angathe kudziwa za iyo chifukwa mlendo adalemba. Akuluakulu adanena kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pamenepa mwambiwu udapherezera. Mwini mudzi saona chachilendo m'zimene amachita tsiku ndi tsiku, choncho sazilemba.

Komabe pali ngongole. Mabukuwo adalembedwa m'Chingerezi ndi kusindikizidwa ku England. M'zaka zonse za uphunzitsi wanga sindidakumanepo ndi kholo la mwana wa sukulu limene lidawawerengapo. Amene adayankha mafunso adapereka nthawi yawo, chakudya chawo ndi zinsinsi za mabanja awo, koma dzina limene lidatchuka m'mayunivesite ndi la wofunsayo. Mmodzi mwa amene adamuthandiza pa kafukufukuyo adali Mbusa Yesaya Chibambo, amenenso adalemba mbiri ya Angoni m'Chitumbuka mu 1932, ndipo idamasuliridwa m'Chingerezi mu 1942 ndi mutu woti My Ngoni of Nyasaland. Taonani kusiyana kwa mitu iwiriyo: wina akuti Angoni, wina akuti Angoni anga. Ophunzira akunja ambiri amadziwa Read. Odziwa Chibambo ndi owerengeka.

Ena adzanena kuti yankho ndi lapafupi: mtundu uliwonse uzidzilemba wokha, alendo akhale kwawo. Ganizo limeneli limakoma m'khutu koma ndi losakwanira, chifukwa mwini mudzi nayenso amabisa. Chaka chilichonse mu Ogasiti timasonkhana m'tsinde mwa phiri la Hora pa mwambo wa Umthetho, kuvina ingoma ndi kutamanda makolo amene adawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa lidadetsedwa. Phiri lomwelo ndi pamene Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe adazingidwa ndi kuphedwa ndi ankhondo a Chingoni cha m'ma 1880. Wotamanda mafumu sayamba ndi nkhani imeneyo. Nthawi zina pamafunika munthu wopanda mbali kuti afunse funso limene ife timalizemba, ngakhale kuti ambiri a ife tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri.

Tsono tibwerere kwa mtsikana uja ndi Bulgaria wake. Poyamba ndidaganiza kuti wasankha dziko lopanda chotiphunzitsa, koma ndidalakwa. Anthu otchedwa Bulgar adali ankhondo okwera akavalo ochokera ku zigwa za kumpoto kwa nyanja ya Black Sea. Motsogozedwa ndi Asparuh adawoloka mtsinje wa Danube, ndipo mu 681 adakhazikitsa ufumu pakati pa anthu a mtundu wa Slav amene adawapeza kumeneko. Iwo ndiwo adalamulira, koma popeza adali ochepa ndipo adasakanikirana ndi eni nthaka, chiyankhulo chawo chidazimirira. Dzina la ogonjetsa lidatsala pa dziko, chiyankhulo cha ogonjetsedwa chidatsala pakamwa. Mwana wa ku Mzimba akamva zimenezi safunika kumufotokozera zambiri, chifukwa kwathu kuno mfumu ndi ya Chingoni, ziwongo zambiri ndi za Chingoni, koma pakhomo timayankhula Chitumbuka, ndipo Chingoni chatsalira makamaka m'nyimbo ndi m'mawu otamanda mafumu. Dzikolo lidalamulidwanso ndi ufumu wa Ottoman kwa zaka pafupifupi 500 kufikira 1878, kotero nawonso akudziwa za kusunga mwambo pansi pa ulamuliro wa alendo. Funso loti mtundu umakhalabe womwewo chiyankhulo chikatayika, mtsikanayu angalione bwino ali ku Sofia kusiyana ndi mmene angalionere ali ku Embangweni, kumene kulifunsa kokha kungakhumudwitse amalume ake.

Palinso chilungamo china m'ulendo wotere. Kwa zaka zoposa 100 kope ndi pensulo zakhala zikuchokera kumpoto kudza kuno. Sindiona cholakwika kuti mwana wa Mngoni akakhale pakhonde la nkhalamba ya ku Ulaya ndi kuifunsa chifukwa chimene pa 1 Malichi anthu a kumeneko amapatsana timaulusi tofiira ndi toyera totchedwa martenitsa. Ngati kufunsa kotere kudali kololedwa kwa Read, nkololedwanso kwa iye. Ngati kudali ndi ngongole kwa Read, ngongoleyo ili pa iyenso, ndipo khungu lake lakuda silimuchotsera.

Msampha waukulu umene ndikuuopa ndi wa kufananitsa msanga. Ku Bulgaria kuli amuna ovala zigoba zoopsa ndi zikopa, omangirira mabelu akuluakulu m'chiuno, otchedwa kukeri, amene amavina m'nyengo yozizira pothamangitsa mizimu yoipa, ndipo mu Januwale amasonkhana mumzinda wa Pernik pa chikondwerero cha Surva. Mmalawi aliyense akawaona adzafuula kuti ndi Gule Wamkulu. Koma Gule Wamkulu ali ndi dambwe lake, chinamwali chake ndi malo ake pamaliro a Achewa, ndipo kufanana kwa chigoba sikutanthauza kufanana kwa tanthauzo. Akathamangira kulemba kuti kukeri ndi zinyau za azungu, adzakhala atachita zomwe zija adatichita amene ankaona vimbuza nkulemba kuti ndi ziwanda basi, osafunsa wodwala kapena ng'anga yomwe ikumuchiza.

Titakumananso ndidamuuza kuti apite, koma ndidampempha zinthu ziwiri. Choyamba, asadakwere ndege akakhale mwezi umodzi kwa agogo ake ndi kope m'manja, awafunse monga mlendo, kuti alawe manyazi a wofunsa ndi kuona nkhope ya wofunsidwa. Chachiwiri, chilichonse chimene adzalembe chokhudza mudzi wa ku Bulgaria akachiwerenge pamaso pa eni ake m'chiyankhulo chawo chisadasindikizidwe, ndipo maina a omuthandiza, ngati iwo alola, akaoneke poyera.

Choyambacho wachita kale. Adabwera kudzandiuza kuti agogo ake adamuyankha bwino za lobola ndi za nyimbo, koma atafunsa kuti amayi awo a agogowo adachokera mudzi uti ndipo adafika bwanji m'banja la Chingoni, nkhalambayo idamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka idamuuza kuti atseke kopelo akatunge madzi.